Tsiku Limene a Chigamba Anakana Kubatiza

Dzina loti Chigamba silinali la makolo. Anawapatsa ndi madalaivala, kale akadali mnyamata womata matayala m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo linawakanirira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana nalo. Ntchito ya matayala anaisiya pamene tayala la thiraki linawaphulikira akulipopa. Linawadula zala ziwiri za kumanzere, ndipo khutu la mbali yomweyo silinamvenso. Atatuluka m'chipatala anati Mulungu wawasiyira moyo ndi cholinga, n'kukachita maphunziro a Baibulo. Mpingo unkafuna kuwatumiza kukayambitsa nthambi kwina, koma iwo anapempha bwalo la mathiraki.

"Kumeneko ndi Asilamu okhaokha," anatero akulu a mpingo.

"Ndiye chifukwa chake," anayankha a Chigamba.

Bwalolo linali kuseri kwa sikelo yoyezera katundu, lozunguliridwa ndi waya wogwa mbali imodzi. Dothi lake linali lakuda ndi oilo, ndipo fungo la dizilo linkalowa mpaka m'zovala zochapa. Mathiraki ankaima pamenepo masiku angapo kudikira mapepala, ali ndundunda ngati nyumba zopanda mawindo. Pakona a Chigamba anapatsidwa kontena yakale ya dzimbiri. Anaboola zenera, anaika benchi, ketulo, malo otchajira mafoni ndi shelefu ya timabuku. Panja anaimika thanki ya madzi, chifukwa anaona kuti madalaivala amavutika posamba m'manja ndi m'mapazi asanaswali. Akulu ena a mpingo anang'ung'udza kuti mmishonale wathu akuthandiza anthu kupemphera chipembedzo china. Iwo anangoti munthu waludzu sumufunsa mpingo.

Ulaliki wawo sunali wa chimkuzamawu. Ankazungulira bwalo ndi kanyundo, kugogoda matayala, ndipo akapeza lofooka ankamuuza mwini wake. Kenako tiyi, kenako nkhani. Ankayambira pamene onse amagwirizana, pa Nowa, pa Abrahamu, pa Yosefe, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka pa Yesu. Apo ndi pamene njira zinkasiyana. Mkulu wa madalaivala, amene onse ankawatcha a Haji, anali bambo wa ndevu zoyera, wolankhula motsitsa, ndipo ndi amene ankatsogolera swala pa mikeka yoyalidwa pamthunzi wa matirela.

"Mneneri Isa timamulemekeza kuposa inu," ankatero a Haji, akuuzira tiyi. "Inu mumamupachika chaka ndi chaka."

"Ndipo chaka ndi chaka amauka," ankayankha a Chigamba.

"Tiyi wanu ndi wabwino, achimwene. Chiphunzitso chokha ndiye chaperewera shuga."

Ankaseka, n'kusiyana bwino. Zaka zinapita motero. Timabuku tinkatengedwa, tina kukawerenga, tina kukapukutira galasi, koma wobatizidwa panalibe ngakhale mmodzi. Pamsonkhano uliwonse wa mpingo a Chigamba ankaima kufotokoza za ntchito yawo, ndipo akafika pa funso la zipatso ankayang'ana pansi. Akazi awo ankawatonthoza kuti wofesa sakhala wokolola nthawi zonse. Iwo ankavomera ndi mutu, koma mumtima chinkawadya.

Chinanso chinkawadetsa nkhawa. Anthu a m'tauni yoyandikana ndi bwalolo sankawakonda madalaivala. Msewu waukulu unkadutsa pakati pa msika, ndipo mathiraki ankatsetsereka pamenepo ngati akuthamangitsidwa. Fumbi linkagwera pa malonda. Mbuzi zinkafa, njinga zinkapindika, ndipo chaka china nkhalamba inathyoledwa miyendo, woigunda osapezeka. Anthu anapempha zitunda zochepetsa liwiro, akuluakulu analonjeza, zinathera pomwepo. Mkwiyo wosowa kolowera unayamba kuloza kubwalo. Ankati alendo amenewa akutiwonongera ana aakazi. Ankati amanyamula zinthu zosadziwika pansi pa matenti. M'mawa wina a Chigamba anapeza galasi la thiraki lina litaswedwa ndi mwala. Sabata ina anapeza galu wakufa ataponyedwa pafupi ndi pamene anthu amaswalira.

Wolankhula kwambiri za zimenezi anali alamu awo, mchimwene wa akazi awo, wowotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Anali munthu wa mtima wapachala koma wokonda ana, ndipo kutchalitchi ankaimba besi.

"Alamu," anatero tsiku lina atabwera kudzacheza, "anzanu aja muwauze. Tsiku limene adzagunde mwana, moto wake sadzauzimitsa ndi thanki yanu ija."

"Si onse othamanga, alamu."

"Moto sufunsa dzina."

Akazi a Chigamba anasintha nkhani, koma mawuwo anatsala m'nyumbamo ngati utsi.

Nthawi imeneyo n'kuti kubwalo kutayamba kufika dalaivala wachinyamata amene anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Anali wowonda, wa mano oyera, ndipo ankayendetsa thiraki ya simenti. Poyamba ankabwera kudzatchaja foni n'kumawaseka a Chigamba za zala zawo, kuti abusa mumawerenga bwanji malamulo khumi. Kenako anayamba kutsalira anzake akapita. Anafunsa ngati n'zoona kuti Mulungu amakhululuka munthu asanakonze kalikonse. A Chigamba anamufotokozera za mwana wolowerera, ndipo kwa nthawi yoyamba Wailesi anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu.

"Bamboyo anathamangadi? Munthu wamkulu?"

"Anathamanga."

"Bambo anga akanathamanganso, koma ndi chikwapu," anatero, n'kuseka. Koma kabuku anatenga, ndipo ulendo wotsatira anabwera ndi mafunso ena.

A Chigamba sanauze mpingo. Anauza akazi awo okha, monong'ona, ngati munthu woopa kuthawitsa mbalame. Anayamba kumupempherera mnyamatayo m'mawa uliwonse. Mumtima ankadziona kale ataima naye m'madzi, mpingo wonse ukuimba, akulu aja atasowa chonena. A Haji nawo anaona zimene zinkachitika. Kuchokera pamenepo tiyi anayamba kumwa ataimirira.

Tsikulo kunacha kotentha, kumwamba kuli mbuu ndi fumbi. A Chigamba ankasesa pakhomo pa kontena pamene anamva phokoso kuchokera kumsika. Ndi khutu limodzi sankadziwa msanga kumene mawu akuchokera, ndiye anatembenuza mutu uku ndi uku. Kunali kulira kwa amayi, kwakutali, kosadukiza. Madalaivala amene ankachapa zovala pathanki anasiya, manja ali thovu lokhalokha. Kenako thiraki ya simenti inalowa pachipata mwaliwiro, inakokera mbali ya waya, n'kuima mopingasa. Wailesi anatsika osatseka chitseko. Anadutsa anzake osapereka moni, n'kulowa m'kontena.

A Chigamba anamupeza atakhala pansi, kuseri kwa benchi.

"Chachitika n'chiyani, mwana wanga?"

Anamupatsa madzi, theka linatayikira pamalaya.

"Ndagunda mwana," anatero pomaliza. "Pamsika. Kamtsikana. Kanali ndi beseni la malalanje."

Ogulitsa malalanje pamsika a Chigamba ankawadziwa onse. Wokhala ndi kamtsikana anali mmodzi, mayi wa m'kwaya ya kutchalitchi kwawo.

"Kali moyo?"

Wailesi anapukusa mutu.

"Unaima?"

"Ndinaona pagalasi anthu akutola miyala. Abusa, ndinasinza. Sindinagone chichokereni kudoko, abwana ankangoimba foni. Ndinangotseka maso pang'ono. Pang'ono pokha." Anawagwira mwendo ndi manja onse awiri. "Ndibatizeni. Pano pomwe, madzi ali m'thankimo. Munati amakhululuka. Ndibatizeni, akabwera muwauze kuti ndine wanu, ndine Mkhristu. Mkhristu mnzawo sangamuphe."

Mawu amene a Chigamba anawadikira zaka zonsezo anali atanenedwa. Ndowa inali pakhomo pomwepo. Anaiyang'ana, ndipo kwa kanthawi mtima unawauza kuti mwina njira za Mulungu ndi zimenezi, kuti ngakhale mbala ya pamtanda inabwera itapanikizika. Ndani akanawatsutsa? Koma atayang'ananso nkhope ya mnyamatayo anaona kuti maso ake sali pa iwo, ali pachitseko.

"Ayi," anatero.

"Abusa!"

"Lero ayi. Ukufuna pobisala, ndipo pobisala ndikupatsa. Koma madzi amenewo si chishango. Ndikakubatiza lero ndikhala ndakuba, ngati wolanda katundu pangozi."

"Ndiye mukundisiya ndife?"

"Sindikusiya. Khala pomwepo."

Pakhomo panaima a Haji. Kaya anamva zingati, sizinadziwike. Anayang'ana Wailesi, anayang'ana ndowa, kenako a Chigamba.

"Ndaimbira apolisi," anatero. "Akuti galimoto ili kwina, tidikire ibwere. Anyamata athu akufuna amutulutsire kuseri, athawe kudzera m'minda."

"Akathawa, anthu a kumsika ayatsa bwalo lonse," anayankha a Chigamba.

"Ndawauza zomwezo. Wapha munthu, akayankhe. Koma akayankhe kwa woweruza, osati kwa miyala."

Asanamalize, akazi a Chigamba analowa pachipata akuthamanga, mpango uli m'manja. Chikwatirane, amuna awo anali asanawaonepo akuthamanga.

"Bambo, chokanipo pano. Achimwene atseka shopu. Ali ndi anyamata a pamsika, akutapa petulo m'njinga zamoto. Akubwera."

"Iwe bwerera kunyumba."

"Ndibwerere ndikakhale wamasiye ndili pakhonde?"

Sanabwerere. Anakaima pafupi ndi thanki, milomo ikuyenda.

Madalaivala ena anayesa kuliza mathiraki kuti atuluke, koma thiraki ya Wailesi inali itatseka njira, ndipo palibe amene anafuna kukwera m'menemo. A Haji anawasonkhanitsa kumapeto kwa bwalo, n'kuwalamula kuti aliyense ataye chitsulo chimene wanyamula. Masipanala ndi mipiringidzo ya jeke zinagwa pansi chimodzichimodzi, monyinyirika. A Chigamba anatseka chitseko cha kontena, anakoka mpiringidzo wake, anatenga mpando wapulasitiki n'kukhala pakhomo. Anakhala pansi chifukwa miyendo sikanatha kuwanyamula.

Kenako kunangoti zii. Kulira kwa kumsika kunali kutaleka. Mbalame zimene zinkatola zinyenyeswa pabwalo zinauluka zonse pamodzi. Kutali pamsewu kunaoneka fumbi likuyenda, ndipo pansi pa fumbilo mitu ya anthu.

Sanalowere pachipata. Anaponda waya wogwa uja n'kudzaza bwalo. Panali anyamata a njinga, amayi a pamsika, ana asukulu ali m'yunifolomu. Nkhope zambiri a Chigamba ankazidziwa, zina ankakhala nazo benchi imodzi Lamulungu. Anayambira pa thiraki ya simenti. Magalasi anaphwanyika, wina anathira petulo pampando, ndipo moto unabuka ndi mkokomo. Utsi wa matayala unakwera wakuda bii, dzuwa linasanduka lofiira.

Alamu awo anafika pakontena atanyamula chitsulo. Malaya awo anali ndi magazi pachifuwa. Pambuyo pake zinamveka kuti ndi iwo amene ananyamula mwanayo pamsewu.

"Ali kuti?"

A Chigamba anali atakonza bodza, loti wathawira kuminda. Linali palilime penipeni. Koma analephera.

"Ali mkati."

Gulu linabangula. Anthu anakankhana kutsogolo.

"Tsegulani, alamu."

"Apolisi akubwera. Wavomera mlandu, sakukana."

"Mwanayo mwamuona inu? Mwamuona mmene alili?" Mawu a alamu anasweka. "Munamudalitsa nokha ali khanda. Lero mukusunga womupha?"

"Ndikusunganso inu, alamu. Mukamupha, mawa womangidwa ndinu."

"Chokani pampandopo."

"Miyendo yakana."

Sizinali zoseketsa, ndipo palibe anaseka. Mwala woyamba unagunda kontena pamwamba pa mutu wawo. Ena anazungulira kuseri n'kuyamba kumenya zitsulo ndi mipini, kontena yonse ikulira ngati ng'oma. Mkatimo Wailesi ankakuwa, ndipo a Chigamba anamva bwino lomwe kuti akuitana Allah, m'mawu amene anaphunzira ali mwana. Wina anaponya chisanza choyaka pazenera, akazi a Chigamba anachikoka ndi manja n'kuchiponda. Mwala wina unawapeza amuna awo pachipumi. Anagwa pamodzi ndi mpando, magazi akutsikira m'maso.

Chimene anaona ali pansi chinali nsapato za akazi awo zitaima pakati pa iwo ndi gulu.

"Achimwene," ankatero mayiyo, "yambani ndi ine. Mukauze amayi kunyumba kuti munayamba ndi ine."

Alamu anaima, chitsulo chili m'mwamba, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Sanamenye, koma sanabwererenso m'mbuyo, ndipo amene anali kumbuyo kwawo ankakankhabe. Moto unali utalumphira pa thiraki yachiwiri. Tayala linaphulika, anthu anabalalika pang'ono n'kubwereranso. Zikanapitirira pang'ono chabe, chitseko chikanathyoledwa. Chimene chinawapulumutsa si mawu a munthu aliyense. Galimoto ya apolisi inafika, utsi wokhetsa misozi unagwa pakati pa bwalo, ndipo aliyense anathawa atagwira kumaso. Wailesi anamutulutsa atakomoka ndi kutentha, n'kumuponya kumbuyo kwa galimoto ngati thumba.

Kumaliro a mwanayo a Chigamba anapita ndi bandeji pamutu. Amuna amene anakhala pabenchi sanasunthe kuti awapatse malo, ndipo anaima kumbuyo mpaka mwambo unatha. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anawaitanira m'kachipinda ka kuseri n'kuwauza mwaulemu kuti ntchito ya kubwalo iyambe yaima kufikira mitima itazizira. Mmodzi anawonjezera kuti wamva zoti mnyamatayo anapempha ubatizo iwo n'kukana.

"Mzimu umodzi wokha umene Ambuye anakupatsani," anatero, "inu n'kuubweza."

A Chigamba ananyamuka n'kutuluka. Funso loti kaya anachita bwino ankadzifunsa okha tsiku ndi tsiku, ndipo yankho silinkakhala limodzimodzi.

Bwalo linatsala ndi mafupa akuda a mathiraki awiri. Madalaivala anasiya kuimapo, ankayezetsa katundu n'kupitirira. A Haji anabwera kamodzi kunyumba kwawo, atanyamula paketi ya shuga. Anakhala pakhonde, anafunsa za bala, anathokoza amayi.

"Ndinamva zimene anakupemphani," anatero ponyamuka. "Ndinamvanso zimene munayankha. Mukanamuthira madzi aja, ine ndi inu tikanathera pomwepo."

"Akadzapempha ali mfulu, mtima uli m'malo, ndidzamubatiza. Musandiyese wina."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindigona nanu tulo." Anagwirana chanza, ndipo a Haji anapita.

Kundende a Chigamba ankapita akapeza mpata, ndi sopo ndi buledi. Wailesi anali atasiya kulongolola. Ankaswali ndi Asilamu anzake a m'menemo, ndipo za ubatizo sanazitchulenso. Nthawi zina ankapempha kuti amuwerengere, nthawi zina ankangokhala, kuyang'ana manja ake. Tsiku lina ananena kuti loya wa kampani ya abwana ake wamulangiza kuti akanene kuti mabuleki anakana ndipo mwana anathamangira yekha pamsewu.

"Zoti ndinasinza mukudziwa ndinu nokha, abusa."

"Ndaitanidwa kukachitira umboni."

"Ndamva. Mukanena chiyani?"

"Zimene unandiuza. Ndi za abwana ako, ndi foni zawo. Zonse."

Msilikali wa ndende anagogoda patebulo kuti nthawi yatha, ndipo mnyamatayo anaimirira osatsanzika.

M'mawa wa tsiku la mlandu akazi awo anawasitira malaya oyera. Chikhatho chawo chakumanja chinali chidakali ndi chipsera cha moto, ndiye ankasita ndi kumanzere, pang'onopang'ono. Alamu anali asanapondepo pakhomopo chichitikire zija. Pa mpanda wa nyumba panali pataponyedwa botolo usiku wathawo, magalasi ali mbwee pakhonde, ndipo sankadziwa ngati wachita zimenezo ndi wa mbali ya tauni kapena wa mbali ya kampani.

Mu minibasi munatsala mpando umodzi. A Chigamba atawerama kulowa, anapeza kuti woyandikana naye ndi mayi wa mwana uja, atavala zakuda, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anafuna kutsika, koma kondakitala anali atatseka kale chitseko. Podutsa pamsika mayiyo anatseka maso, n'kuwatsegula atapitirira.

"A Chigamba," anatero, osawayang'ana. Anali kumbali ya khutu lakufa, ndipo anachita kubwereza. "A Chigamba. Akuti dalaivala uja akanena kuti mwana wanga anathamangira yekha pamsewu."

"Sanathamangire, mayi."

"Mukanena zimenezo pamaso pa anthu?"

"Ndikanena."

Mayiyo anagwedeza mutu kamodzi. Sanathokoze. Minibasi inaima pakhoti, ndipo panja pa mpanda panali anthu a m'tauni mbali imodzi, madalaivala mbali ina, apolisi ochepa pakati. Onse anatembenuka kuyang'ana amene akutsika. A Chigamba anadikira kuti mayiyo atsike kaye, anakonza kolala, n'kutsatira.